Nkhope ya mayi anga ikundikanika kujambula

Aphungu,

Ndine telala, ndipo ndikulemba kalatayi nzeru zitandithera. Mayi anga anadwala sitiroko chaka chatha, pakamwa panapindikira kumanzere, chikope chimodzi chinagwa. Chichokereni kuchipatala safuna kujambulidwa. Ukangotulutsa foni amadziphimba kumaso ndi nsalu. Zithunzi zawo zakale zinapsera m'nyumba yathu yoyamba. Adokotala anatiuza mosapita m'mbali kuti mtima wawo watopa.

Tsiku lina ndinawapempha kuti ndiwajambule ndi pensulo. Anaseka nati, "Iwe? Munthu woti kusukulu unkajambula ng'ombe ngati tebulo? Yesa tione."

Chiyambire tsiku limenelo, masana alionse ndimasiya makina n'kuwakhazika pampando wa pawindo. Miyezi itatu yatha. Ndimafufuta mpaka pepala kubooka, koma chotuluka ndi dzira la maso awiri basi. Dzana ndinati ndayesetsa, ndinawaonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi wokongola ndithu. Ndi wa kwa yani?" Sankandinyoza ayi, ankafunsadi. Ndinakalirira kubafa.

Achimwene anga akuti ndingowajambula ndi foni akagona. Ine sindingawabere nkhope mayi anga. Koma sabata ino akulephera kukhala tsonga ngakhale mphindi khumi, ndipo ndikuopa kuti apita osandisiyira chithunzi n'chimodzi chomwe. Luso ndilibe, ndavomera. Ndingosiya?

N. T.

A N. T.,

Musasiye, koma lekani kunamizira dzanja. Dzanja lodula kolala yowongoka silingalephere kugwira pensulo. Vuto lili m'maso.

Ndikufunseni: pa mphindi zochepa zimenezo, mayi mumawayang'ana kangati? Ndikukhulupirira kuti mutu umangokhala chowerama papepala. Ongoyamba kumene onse amajambula zimene akudziwa, osati zimene akuona. Inu muli ndi mtolo winanso. Mukuwongola pakamwa ndi kutukula chikope chija, chifukwa kuyang'anitsitsa mayi a lerowa kukukupwetekani. Mayi wokongola amene sanamudziwe uja wachokera pamenepo.

Nkhope isiyeni kaye masiku atatu okha. M'mawa musanayambe kusoka, ikani sizasi yanu patebulo. Yendetsani diso pang'onopang'ono m'mbali mwake, pensulo izitsatira, osayang'ana pepala mpaka mutamaliza. Chituluka chinthu choseketsa, musadandaule. Kenako jambulani mabowo olowetsa zala aja okha, muona sizasi ikubwera yokha.

Mukabwerera kwa mayi, ayezeni ngati kasitomala. Kodi munthu mumamusokera diresi poganizira momwe analili zaka khumi zapitazo? Tambasulani mkono, tsinzinani diso limodzi, pensulo ikhale tepi yanu. Kuchokera pachibwano kufika pamphuno ndi kutali bwanji? Mbali iti ya mlomo yatsika, ndipo yatsika motani? Musamati "ndikujambula diso". Muziti "apa mzere wakhota, apa pali mthunzi". Yambani ndi manja awo ngati nkhope ikukuliritsani. Ndipo musawavutitse ndi mpando, jambulani ali chigonere, ali maso, mukucheza.

Za foni mwaganiza bwino. Anakana, ndiye akana.

Sindikunamizani, mwana wanga. Kuphunzitsa diso kumafuna nthawi, ndipo nthawiyo mwina mulibe. N'kutheka chithunzi chofanana nawo sichituluka. Choncho tayani chofufutira, ndipo musang'ambe pepala lililonse, ngakhale loipa chotani. Lembani tsiku pansi pake n'kulisunga.

Chenjezo langa ndi ili: pepala lisakulandeni mayi akadali moyo. Munthu akadwala chonchi, abale amayamba kuyankhula naye maso ali kumbali, ndipo iye amaona. Mayi anakana foni koma inu anakulolani, chifukwa akufuna wina awayang'ane kumaso osathawitsa maso. Ayang'aneni lero.

Aphungu