Udzu m'tayala

Loweruka, sabata yachiwiri ya Julayi, ku Umtali.

Lero mtima wakhala m'malo. Chimene chimandisowetsa tulo chinali chubu cha njinga yanga. Chikadzaphulika m'tchire la kwa Apwitikizi ndisanafike pa Tete, ndidzatani? A Phiri, amene anapalasapo njinga mpaka kwathu ku Nyasalande, anangondiseka.

"Mphwanga, udzu unatha kodi?"

Anachotsa chubucho n'kutsendera udzu wouma m'tayala mpaka gwa. "Kayese pa phiri la Christmas Pass."

Ndakwera phirilo ndi thumba la chimanga kumbuyo. Matako akuwawa ngati ndakwapulidwa, koma tayala lapirira. Ndinyamuka Lolemba. Mkazi wanga Nabanda wasiya kunena kuti ndapenga, akundikazingira mtedza wa kamba.

Patha zaka zisanu ndi zinayi amayi osandiona. Kaya ndimete ndevuzi kuti akandizindikire, kaya...