Ndege Imene Timaikankha Lolemba

Bandung, 1998

Okondedwa amalume a Kosasih,

Ndikhulupirira muli bwino ku Garut komweko. Kuno tili moyo.

Ndege ya mapulopela ija tinaijambula ndi kuipanga tokha, imene munalira poiona ikuuluka, akuluakulu a kampani yathu aiimitsa. Akuti ndalama zatha. Ntchito yatsala imodzi: Lolemba lililonse timaikankha pang'ono kuti matayala asaonongeke pokhala malo amodzi. Amisiri athunthu, amalume!

Akazi anga a Entin anandifunsa kuti, "Bambo a Dudung, tidya ndege yokankhayo?" Dzulo anapita ndi mwana wathu Dudung kwa amayi awo. Akuti akukangocheza, koma atenga ndi makina awo osokera.

Kodi dimba la mpunga la malemu mayi alipo akulima? Khasu sindinaliiwale. Chonde yankhani msanga.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Enjang