Lezala Limodzi la ku Madzi Otentha

Chinyunyu,
14 Okutobala, 1997.

Asisi anga ba Emelda,

Muli bwanji ku Chingola uko? Alamu ali bwanji, nanga mwana wanu Delight sukulu ikumuyendera? Kuno dzuwa lakwiya, nkhuku zikungoyenda kukamwa yasa. Ine ndikadali moyo, ngakhale ndamva kuti zimenezi zasokoneza mapulogalamu a anthu ena. Maso anga achita chikasu ngati papaya lakupsa, mimba yatupa moti azimayi ogulitsa nthochi pamsewu ayamba kundifunsa kuti ndi miyezi ingati.

Kalata yanu inafika Lachiwiri ndi kondakitala wa basi. Ndinaiwerenga kawiri, poganiza kuti koyambako ndi malungo anga amene amalankhula. Mwati Loweruka mukubwera ndi amalume a Bornface kudzamulongedzetsa Anastasia, mkazi wanga, abwerere kwawo ku Mpanshya. Mlandu wake akuti anathira mchere m'ndiwo zanga pamasiku oletsedwa, titangochoka kumwambo wanu uja wa mu Julayi, ndiye anandidula. Zikomo, adokotala. Anzanu a ku Joni anathera zaka zambiri m'mabuku, inu mwapeza matenda muli pa masheni yosokera.

Ndikufotokozereninso, pang'onopang'ono ngati kwa mwana wa giredi yoyamba. Chimene chinadya chiwindi changa choyamba ndi kachilombo, dzina lake hepataitisi B. Kampani yathu itanditumiza ku Joni zaka ziwiri zapitazo, madokotala anachotsa chowolacho n'kuikamo cha munthu wina. Koma thupi lili ndi asilikali ake, ndipo khalidwe lawo ndi la agalu a pamudzi: akaona mlendo, aluma. Mapilitsi amene ndimamwa m'mawa ndi madzulo ntchito yake n'kugoneka agaluwo kuti mlendo akhale mwamtendere.

Manje agalu akagona, wakuba amadikira chiyani? Kachilombo sikanapite ndi chiwindi chakale chija, kanatsala m'magazi. Jekeseni wa mwezi ndi mwezi ku Lusaka anakatsekereza kwa kanthawi, kenaka kanapeza podutsira. Mudzutse agalu, aluma mlendo. Muwasiye agone, wakuba akolola. Madokotala anandiuza zimenezi ndisanagone n'komwe patebulo lawo. Mchere sanautchule.

Inu munali ndi sayansi yanu. Munati ndanyamula nyama ya munthu wakufa amene maliro ake sitinalire, ndipo chiwanda chake chidzayendayenda m'banja mwathu kufunafuna katundu wake. Munabweretsa sing'anga wochokera kutsidya kwa Luangwa, wa jekete la chikopa m'dzuwa. Munatikokera ku madzi otentha, pomwe madalaivala a malole amaphikira mazira, kuti banja lonse litemedwe mphini.

Lezala munagula nokha pa kantemba. Limodzi. Sing'anga anati mwini matenda ndiye ayambe, ndipo anandicheka pachifuwa ndi pamsana. Osalipukuta, anapita nalo kwa amalume, kwa inu, pomaliza kwa Delight, amene analira kuti safuna ndipo inu munamugwira mikono.

Mukumbukira amene anakana? Anastasia. Ananena poyera kuti ku Joni anatiletsa kubwerekana ngakhale mswachi, kuti iye anabayitsa katemera n'chifukwa chake ali bwino, ndiponso kuti mwanayo mumusiye. Inu munamuyankha pamaso pa anthu kuti mfiti ndiyo imaopa mankhwala. Iye anandiyang'ana kuti ndilankhule. Ine ndinayang'ana nthunzi.

Apa ndiye pamene bolopeni ikundilemera. Tsiku limenelo, m'thumba la jekete langa munali kalata ya ku chipatala, ya pa 9 Juni. Inanena kuti kachilombo kabwerera ndipo kachuluka m'magazi. Mwezi wathunthu mphini zisanatemedwe, asisi. Mchere uja usanagulidwe n'komwe. Palibe amene ndinamuuza, ngakhale Anastasia.

Chifukwa chake n'chochititsa manyazi. Zaka ziwiri ndakhala ndikukusekani, inu ndi zithumwa zanu, ndikudzigunda pachifuwa kuti ine anandikonza anthu ophunzira. Kuti ndiime pamenepo n'kuvomera kuti matenda abwerera, ndione nkhope yanu ikuwala kuti si ndinanena, ndinaona ngati bola kufa. Ndinadziuza kuti kachekedwe kamodzi si kanthu. Munthu wa digiri, wodziwa bwino kuti kachilomboka kamayenda ndi kadontho kosaoneka n'komwe, ndinaimirira duu lezala likuchoka pathupi panga kupita pa mwana wa zaka khumi ndi ziwiri.

Musafulumire kukondwa kuti mwapeza wolakwa. Inu munagula lezala, ine ndinatseka pakamwa. Mayi wathu mmodzi anabala zitsiru ziwiri, china chinangopita patali ndi sukulu.

Ndiye mverani. Mawa lomwe tengani Delight mupite naye ku chipatala, mukanene kuti anachekedwa ndi lezala limene linayamba pa munthu wa hepataitisi B. Akamuyeze magazi, akuyezeni inunso. Ngati sikanamulowe, pemphani katemera. Ngati kamulowa, adziwe madokotala, osati wa jekete la chikopa uja. Amalume ndawatumira kale mawu omwewa, ndipo akuti chilakolako cha milandu chawathera.

Za Loweruka, bwerani ngati mwafuna, msewu ndi wa boma. Koma dziwani kuti Anastasia sachoka pano. Ndinamuwerengera kalata ya ku chipatala ija dzana. Anandikwiyira tsiku lonse, koma nthawi ya mapilitsi itakwana anabwera nawo ndi kapu ya madzi, n'kuima pomwepo mpaka nditameza. Madokotala sakundilonjeza mvula ya chaka chamawa. Masiku amene atsalawo ndikufuna ndiwathere m'manja mwa munthu yekhayo amene ananena zoona tsiku lija. Mukafika, mudzayambe mwamupepesa iye musanandifunse ine za moyo.

Mundiperekere moni kwa alamu. Delight mumuuze kuti malume ake Fredrick anamulakwira, ndipo mumuuze ndi mawu omwewo, musakometse. Mulungu amusunge mwanayo, ndipo inu akupatseni nzeru, poti mphamvu anakupatsani kale zopitirira muyeso.

Ndine mlongo wanu,
Fredrick