Siteji ya pa Gregorio

Ndirande, Blantyre
8 Novembala 2015

Okondedwa achemwali a Kristina,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha Maziko chija chinatha? Kuno tikudzuka, koma mtima wanga suli m'malo chifukwa cha amayi.

Paja madzi a mu Januwale anakokolola kamlatho kathu ka pa Nasolo, nasiya mng'alu pakhoma la kuchipinda kwawo. Lero mumng'alumo mukulowa dzanja. Mwezi watha kunabwera anthu a boma, nalemba mtanda wofiira pa nyumba zonse za m'mbali mwa mtsinje. Akuti musamagonenso munthu, ndipo mlathowo sadzaumanganso. Maminibasi tsopano akudzera msewu wakumtunda. Tauzidwa kusamukira ku Machinjiri, ndipo a Evelina oyandikana nafe anapita kale.

Amayi akukana. Atauona mtandawo anati anyamatawo akanayimbako ndi nyimbo yomwe, popeza awayika m'manda ali moyo. Akuti madzi anawathamangitsa kale ku Nsanje, ndiye sangawathamangitsenso kachiwiri atamera imvi.

Ndinkayesa akulirira njerwa. Ayi, achemwali, akulirira siteji.

Mukukumbukira bambo akukhoma ndowa ndi mbaula pansi pa mango paja, mpaka makondakitala anatcha malowo dzina lawo, kuti pa Gregorio? Ife tinkachita nazo manyazi kusukulu. Koma chimwalirireni bambo, amayi ankasesa pabwalo akumva anyamata akukuwa kuti otsika pa Gregorio, otsika pa Gregorio. Andiuza kuti ankamva ngati mwamuna wawo akudutsa pakhomo tsiku lonse. Akuti akachoka, mlatho ukadzabwerera dzinalo lidzapeza ndani?

Lachinayi ndinawaperekeza kuchipatala. Pobwerera anauza kondakitala, mokweza ngati kale, kuti atsika pa Gregorio. Mnyamatayo anafunsa dalaivala ngati akukudziwa kumeneko. Dalaivala anapukusa mutu. Kondakitala anati amama atchule malo enieni, asamutchulire zibwenzi zawo zakale. Anthu anaseka. Tinatsikira pamsika, n'kuyenda pansi mpaka kunyumba.

Kuyambira tsikulo sakusesanso pabwalo. Koma kusamuka akukanabe, ndipo akugona pafupi ndi khoma lomwelo. Mitambo yayamba kusonkhana paphiri. Mvula yoyamba ikabwera ndi mphamvu, khoma lija silipirira.

Chonde bwerani mwezi uno usanathe. Ine amandiona ngati mwana, akuti ndikuopa madzi ngati nkhuku. Inu ndinu woyamba kubadwa, ndipo mumalankhula ngati bambo. Mwina mawu anu angawadzutse pamenepo.

Mundiperekere moni kwa alamu a Venansio ndi ana onse. Ambuye akusungeni, akuyendetseni bwino panjira.

Mukafika m'tauni n'kukwera ya Ndirande, musadzavutike kutchula dzina la bambo. Mudzangoti pamsika. Ndidzakudikirani pamenepo.

Ine mlongo wanu,
Limbikani