Boti lili ndi penti, bambo alibe chiliza

Loweruka, 5 koloko madzulo. Miyendo yakana.

Mpongozi wanga, amake Tadala, wanditengera ku Rockingham, tauni ya kugombe kunja kuno, kukaona boti la nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mkulu wina wachizungu watiuza kuti nkhondo yonse linkangolondera gombe, uku ndi uku, mdani osamuona n'komwe. Koma kulisamala kwake! Penti chaka ndi chaka.

Ine mtima unali ku Dedza. Bambo anga anapita ku Burma pa nkhondo yomweyo, n'kubwerako khutu limodzi litagontha. Manda awo ndi kamulu ka dothi, mvula ikukasalaza. Ndikafa ine, adzawaloza ndani?

Amake Tadala, ndikudziwa mumawerenga kabuku kanga mukamasesa. Mwamuna wanu, mwana wangayo, akatsika ndege yochokera ku mgodi, mumpatse tsamba ili. Agogo ake akufuna chiliza, ine pakamwa patopa.