Wondifunsa Katekisimu

Lamulungu, 9 Malichi 2025, Mitundu
Pa kalasi ya katekisimu tinalipo: aphunzitsi a Maliko, ana a sukulu, ndi ine. Wa imvi ndine ndekha. Mayeso pa 5 Epulo. Ndikakhoza, ubatizo pa Pasaka, kenako Bambo Mfumu adalitse ukwati wathu, akazi anga a Edina ayambenso kulandira Ukaristia. Chikwatiwire ndi ine wosabatizidwa, amatsala pabenchi anzawo akamapita kuguwa.

Lachitatu, 12 Malichi
A Edina apita kwawo ku Nathenje kuti achemwali awo akawadwazike. Chifuwa chawo sichikutha. M'nyumba zii. Anzanga a kudambwe sabweranso chisiyire ine gule. Katekisimu imafuna anthu awiri, wina afunse, wina ayankhe. Ndikadzifunsa ndekha, diso lafika kale pa yankho.

Loweruka, 22 Malichi
Kusoka fodya tsiku lonse, ndikubwereza mayankho motsatana ngati nyimbo. Pafoni mawu a akazi anga akumvekera pansi. Anati, "Bambo a Dalitso, musamangoloweza. Muzimva."

Loweruka, 5 Epulo
Ndalephera. Aphunzitsi anayambira pakati, pomwe ine ndinaloweza kuchokera koyamba. Funso la ubatizo, ine n'kuyankha za kulapa. Ana kuseka. Aphunzitsi anati, "Agogo, mwina chaka chamawa."
Foni sindinaimbe.

Lolemba, 14 Epulo, Nathenje
Ndabwera panjinga. A Edina aonda kwambiri. Buku sangathe kuligwira, koma lonse lili m'mutu chiphunzirire ali mtsikana. Akufunsa modumphadumpha, dala. Pa funso la chifukwa chimene Mulungu anatilengera ndayankha osaphonya. Iwo anati, "Ndiye kuti chiyani? Nenani ngati mukuuza mnzanu kudimba." Ndinati sitinabwere kudzangolima n'kufa ayi, alipo amene akutidikira. Anati, "Eya. N'chifukwa chake ine sindikuopa."
Ine ndikuopa.

Lachiwiri, 15 Epulo
Alamu apita kwa Bambo Mfumu. Akuti abwera mawa kudzadzoza odwala, ndipo adzandifunsa okha. Ndikayankha bwino, ubatizo, ukwati ndi Ukaristia zidzachitikira pamphasa pomwepa.
Lero tamaliza za ubatizo ndi za Ukaristia. Pofika pa ukwati tulo tawagwira a Edina, funso lili pakamwa. Ndatseka buku, ndawafunditsa chitenje.
Kwatsala mutu umodzi wokha. Adzuke mawa, andifunse.