Galimoto ya Atate Anaigawa Patatu

Mindolo, Kitwe

Okondedwa alongo anga a Jairus,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Francistown, inu pamodzi ndi alamu anga a Karen ndi ana. Ngati mukudzuka bwino, tithokoze Mulungu. Kuno ine ndi ana tilipo, makina anga osokera kumsika wa Chisokone akulirabe pang'onopang'ono. Za amayi ndiye sindinganame kuti ali bwino.

Ndagwira pepala chifukwa foni yanga simuyankha. Mukaona dzina langa mumadziwa kuti Jemimah wayamba zake zija. Inde ndayamba, ndipo ulendo uno mundimva mpaka kumapeto. Dalaivala wa thiraki amene ndamupatsira kalatayi ndi wa mumpingo mwathu, ndamuuza kuti akupatseni m'manja.

Nkhani ndi ya galimoto ya atate, ka Datsun 1200 kobiriwira kaja anagula akali kugwira ntchito kumgodi.

Mukukumbukira kuti atate ndi ang'ono awo, a Fanwell a ku Bwana Mkubwa, anakalamba akukangana za magalimoto awo. A Fanwell anali ndi ka Fiat 127. Pamaloboti ka Fiat kankanyamuka ngati kalumidwa ndi mavu, Datsun n'kutsala m'mbuyo. Koma akalowa mumsewu waukulu wa ku Ndola, atate ankawapeza asanafike pamphambano ya Kamfinsa, n'kuwadutsa akuimba nyimbo ya m'buku.

Atate ankati chinsinsi ndi injini. Ankati ndi yaing'ono koma yopirira, imalira kamodzi ngakhale m'mawa wa chisanu cha Juni, ndipo petulo imangonyambita. A Fanwell ankati limenelo ndi bodza, injini yawo ndiyo yaukali, chimene chikuwagonjetsa ndi giyabokosi. Pamenepo sankanama kwenikweni. Datsun inabwera ndi magiya anayi, ndipo pa liwiro inkalira momvetsa chisoni. Atate anapeza giyabokosi ya magiya asanu pa Corolla ina yochita ngozi, n'kudula okha chitsulo cholumikizira, n'kuzikwatitsa ziwirizo. Kuchokera pamenepo ukaponya faivi galimoto inkangoti zii, m'kati n'kumacheza osakweza mawu.

Mkangano umenewo tinkauseka pa Khirisimasi iliyonse. Lero sindiseka.

Pali chimene simunachione ndi maso anu, poti munali mutapita kale. Amayi atagwa ndi sitiroko, galimoto ija inasanduka miyendo yawo. Atate anabweza mpando wakutsogolo m'mbuyo, n'kuwotcherera chogwirira pachitseko kuti amayi azilowa okha osanyamulidwa. Maso a atate atayamba kuchita mdima anandiphunzitsa ine kuyendetsa. Ndine ndinkawapititsa amayi kutchalitchi, ku Chigwirizano cha amayi, ndiponso mwezi ndi mwezi kuchipatala ku Ndola kukaongola miyendo.

Inu munanyamuka tsiku lomwe tinaika maliro a atate, munati abwana sadikira. Sindikutsutsa zimenezo. Koma banja linali litakusankhani kale kukhala administireta, woyang'anira katundu wa malemu, choncho chilichonse chinkayembekeza pakamwa panu.

M'mawa mwake anagawa zovala. Majekete, nsapato zakumgodi, chipewa cholimba chija, zonse zinapita mwamtendere. Atafika pa galimoto, a Fanwell anaimirira n'kunena kuti iwo ndi a mimba imodzi ndi malemu. Lighton, mwana wa azakhali uja ali ndi teksi ya Datsun 120Y ku Chimwemwe, naye anaimirira. Anati kwathu ku Katete wolowa chuma cha mwamuna ndi mwana wa mlongo wake. Lighton ameneyu ku Katete anapitako ali kumsana, koma tsiku limenelo mwambo ankaudziwa kuposa tonse.

Amayi anali pamphasa pakona, nkhope pansi, poti namfedwa salankhula pamsonkhano wotere. Ine nditati nditsegule pakamwa, azakhali ananditsina pantchafu, n'kundinong'oneza kuti mwana wamkazi salowerera za amuna.

Wotsogolera anali a Barnabas, amalume awo a atate, amene anabwera kuchokera kumudzi. Ataona kuti zavuta anati tiimbire administireta. Anaika foni pa laudi, ndipo tonse tinakumvani muli m'basi. Munati, "Gawani chabe mofanana, ine sinifuna milandu." Foni n'kuduka.

Alongo anga, a Barnabas moyo wawo wonse akhala akugawa ng'ombe zapamaliro, mwendo kwa uyu, nthiti kwa uyo. Anafunsa kuti m'galimoto chofunika kwambiri n'chiyani. A Fanwell anafuula kuti giyabokosi. Lighton anati injini. Nkhalamba inaomba m'manja n'kunena kuti nkhani yaphweka, aliyense atenge chimene watchula, thupi litsale kwa namfedwa poti ndiye amakhalamo. Anthu anayamikira nzeru za akuluakulu, n'kutseka ndi pemphero.

Masana omwewo anaimasula pabwalo pathu, ndi masipana a atate omwe. Mafuta akuda anatayikira pakhomo, mpaka lero sanachoke.

Tsopano imvani m'mene mpikisano wawo wathera.

Lighton anaika injini mu 120Y yake ya magiya anayi. Mumsewu wa ku Ndola ikulira monga inkalirira kale, iye n'kumaipondabe, atadzaza anthu ndi matumba a makala. Yayamba kutentha. Anabwera pamalo anga osokera, pamaso pa makasitomala, n'kunena kuti, "Ba Jemimah, ija injini ilibe pawa. Mudala anali kutinama chabe." Mudala ameneyo ndi atate athu, amene anamulipirira layisensi. Ndinaluma mlomo, chifukwa m'manja ndinali ndi sizasi.

A Fanwell ndiye zawo n'zochititsa manyazi. Fiat imakoka ndi matayala akutsogolo, injini yake inagona chopingasa. Giyabokosi ya atate ndi yaitali, yoyendetsa matayala akumbuyo. Singalowe mu Fiat ngakhale abusa ataisanjika manja. Amakaniko onse a ku Ndola awauza zimenezo. Ndipotu Fiat yomweyo yakhala pamiyala kuyambira korona asanabwere. Giyabokosi ili m'khola la nkhuku, nkhuku zikugonapo. Ndinaiona ndi maso anga, mtima unandiwawa ngati atate afanso.

Lero a Fanwell akuti giyabokosi popanda injini ija ndi chitsulo chabe, ndiye Lighton awapatse injini. Lighton akuti injini popanda giyabokosi ija ilibe ntchito, ndiye a Fanwell amupatse giyabokosi. Mkangano wa zaka zonse zija watha, onse avomereza kuti ziwirizo zinkayenda chifukwa zinali pamodzi. Koma palibe amene wakumbukira kuti ku Mindolo kuli thupi lake, ndi mayi wopuwala.

Mwezi watha ndinayesa minibasi. Pasiteshoni ya Chisokone anyamata oitanira anthu anawanyamula amayi, wina miyendo wina m'khwapa, kondakitala akuwafulumizitsa m'Chibemba kuti, "Endesheni, ba mayo!" Chitenje chinamasuka anthu onse akuona. Amayi athu, amene atsogolera Chigwirizano zaka zonsezi, anawaponya pampando ngati thumba la chimanga. Sanalire. Titabwerera kunyumba anangonena kuti sadzakweranso, ndipo mukuwadziwa akanena.

Musandifunse za teksi. Singano yanga singawafikitse ku Ndola pa teksi mwezi ndi mwezi, ndipo m'teksi namonso ayenera kunyamulidwa. Tsiku lawo la kuchipatala lapita osapitako. Mwendo wamanzere, umene unayamba kumvera, wayambanso kuuma. Pakali pano kuchimbudzi ndikuchita kuwanyamula ine.

Ndinapita kwa a Fanwell, ndinagwada. Anati giyabokosi ndi chikumbutso cha akulu awo, ndipo anawapatsa ndi administireta. Ndinapita kwa Lighton, yankho lomwelo, akuti wopereka ndiye wolanda. Choipa kwambiri n'chakuti Lighton wapeza munthu wofuna injiniyo, akaisandutse pampu yamadzi kumigodi ing'onoing'ono ya kutchire. Akuti abwera kudzaitenga mwezi uno ukatha. Ikapita kumeneko sitidzaionanso.

Sindikupemphani ndalama. Ndikupempha pakamwa panu pomwepo, pamene panagawa. Imbirani a Fanwell, imbirani Lighton, muwauze kuti munalankhula muli m'basi osadziwa chimene chikugawidwa, ndipo zitsulozo zibwerere kwa mwini wake. Makaniko wa mumpingo mwathu wavomera kale kuzibwezeretsa. Akakana pafoni, kwerani basi mubwere. Abwana anu nawonso anabadwa kwa mayi.

Ndikudziwa kuti mumaopa kudana ndi abale. Munali choncho kuyambira tili ana, anthu akayamba kukangana inu mumatuluka panja. Koma mtendere umene munaupeza tsiku lija akuulipira ndi amayi, ndipo ine ndakwiya nanu. Ndanena poyera kuti musachite kumva kwa ena.

Lamlungu lapitali amayi anandiuza kuti ndiwaveke yunifomu yawo, bulauzi yoyera ndi duku. Ndinaganiza kuti pali amene walonjeza kudzawatenga. Ayi ndithu. Anati ndiwafikitse pagalimoto. Anakhala pampando wawo, buku la nyimbo pamiyendo, kutsogolo kwawo boneti yopanda kanthu m'kati. Anakhala momwemo dzuwa likuwaotcha mpaka anzawo anayamba kudutsa pamsewu pobwerera kutchalitchi. Ena anaima kudzawapatsa moni pawindo, ena anayang'ana kumbali.

Nditawatulutsa ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anati, "Umuuze Jairus kuti sindinamukwiyire. Koma tsiku langa likadzafika asadzatume foni. Adzabwere yekha, aimirire pomwepo mpaka atandikwirira, chifukwa anthu awa adzandigawa."

Ndalemba monga ananenera, sindinachotsepo kapena kuonjezera.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi kwa ana, muwauze kuti agogo awo amawatchula mayina m'pemphero tsiku lililonse. Ambuye akusungeni pantchito panu, akupatseni mphamvu, ndiponso akutseguleni pakamwa mwezi usanathe.

Ndine mlongo wanu,
Jemimah